Mafunso a Owerenga: Kodi Asilikali a ku America Anazitenga Kuti Ndalama za Nyumba ndi Galimoto?

Makalata atatu amene tasankha mwezi uno achokera ku Zomba konkuno, ndipo onse akukhudza zaka zimene zinatsatira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene mabanja ambiri a ku America anachoka m'katikati mwa mizinda n'kukakhala m'madera atsopano a m'mphepete mwa mizindayo. Makalatawa tawafupikitsa.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wopuma pantchito ndipo ndimakhala ku Chinamwali. Bambo anga anali mmodzi mwa asilikali amene anapita ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Atabwerako anapita kumudzi kukagwira khasu, ndipo anadzamwalira akugona m'nyumba ya zidina yofolera ndi udzu. Mdzukulu wanga amene akuphunzira mbiri yakale ku sekondale wandiuza kuti anzawo a ku America, amene anamenya nkhondo yomweyo, anagula nyumba, galimoto ndi mafiriji pasanathe zaka khumi. Kodi zimenezi n'zoona, nanga ndalama zake anazitenga kuti?

YANKHO: Aphunzitsi, mdzukulu wanuyo sananame, ngakhale kuti si msilikali aliyense amene mwayiwo unamufika, monga muonere m'yankho la kalata yachiwiri. Mu 1940, pa mabanja 100 alionse a ku America, pafupifupi 44 ndi amene ankakhala m'nyumba zawozawo, koma pofika 1960 chiwerengerocho chinali chitafika pa 62.

Choyamba n'chakuti nkhondoyo sinamenyedwe m'mizinda yawo. Pamene mizinda ya Hamburg ku Germany, Tokyo ku Japan ndi Coventry ku Britain inkasanduka mabwinja, mafakitale a ku Detroit ndi ku Pittsburgh ankagwira ntchito usana ndi usiku, moti nkhondo itatha mu 1945 dziko limodzi lokhali linkapanga pafupifupi theka la katundu yense wa m'mafakitale padziko lapansi. Kuyambira kumayambiriro kwa 1942 mafakitale a galimoto analeka kupanga galimoto za anthu wamba n'kuyamba kupanga akasinja ndi ndege, ndipo shuga, nyama, petulo ndi matayala zinkagulidwa ndi makuponi. Anthu anali pantchito, malipiro ankalandira, koma chogula chinali chochepa, choncho ambiri anasunga ndalama kubanki ndipo ena anabwereketsa boma. Munthu amene wakhala zaka zinayi ndalama zili m'thumba sitolo ilibe kanthu safuna kunyengereredwa tsiku limene katundu wabwerera m'mashelefu.

Koma ine ndimaona kuti phata la nkhaniyi ndi ngongole, makamaka mtundu wa ngongole imene boma linakonza. Pa 22 June 1944, nkhondo isanathe n'komwe, Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anasaina lamulo limene anthu amalitchula kuti GI Bill. Lamuloli linkalipirira msilikali wobwerera sukulu yaukachenjede kapena ya ntchito zamanja, ndipo asilikali pafupifupi 7.8 miliyoni anaphunzira kudzera mwa ilo. Pa nkhani ya nyumba, boma silinagawire anthu nyumba zaulere ayi. Linangokhala ngati nkhoswe ya wobwereka, kulonjeza banki kuti munthuyo akadzalephera kubweza, ilo lidzalipira gawo la ngongoleyo. Banki ikakhala ndi nkhoswe yotere mantha amatha, motero msilikali ankatha kutenga nyumba osapereka dipoziti, n'kumabweza pang'onopang'ono kwa zaka 20 kapena kuposerapo pa chiwongola dzanja cha 4 peresenti pachaka chimene sichinkasintha. Amene sanali asilikali ankathandizidwa ndi bungwe lina la boma, Federal Housing Administration, limene linakhazikitsidwa mu 1934 ndipo linkagwira ntchito yofananayo. Mabungwewa asanabwere, wofuna ngongole ya nyumba kawirikawiri ankayenera kupereka pafupifupi theka la mtengo wake pachiyambi pomwe, yotsalayo n'kuimaliza m'zaka zisanu kapena khumi.

Taganizirani mmene nyumba imamangidwira kwathu kuno. Munthu amagula puloti ku Sadzi kapena ku Chikanda, chaka chotsatira aumba njerwa n'kuwotcha uvuni, kenako akumba maziko, khoma lifika pawindo n'kuima zaka ziwiri chifukwa cha fizi ya ana, ndipo malata amagulidwa asanuasanu n'kumasungidwa pansi pa bedi. Nthawi yonseyo akulipira lendi kwina, ndipo ambiri amadzalowa m'nyumba yawoyo imvi zili mbuu. Mnyamata wa ku America wa zaka 25 ankalowa m'nyumba yomalizidwa tsiku loyamba lomwelo, ndipo ndalama zimene akanapereka kwa eni nyumba ndi zimene zinkadula ngongole yake mwezi ndi mwezi.

Malo amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi Levittown, pa chilumba cha Long Island kum'mawa kwa mzinda wa New York, pamene kale panali minda ya mbatata ya kachewere. Kampani ya Levitt & Sons inamangapo nyumba 17,447 kuyambira 1947 mpaka 1951. William Levitt anagawa ntchito yomanga nyumba m'zigawo 27, ndipo gulu lililonse la amisiri linkagwira chigawo chimodzi chokha: ena kuthira konkire pansi, ena kuimika matabwa a makoma, ena kukhoma denga, ena kupenta, akatha pa puloti imodzi n'kusunthira pa ina. Ntchito ikamayenda bwino ankamaliza nyumba pafupifupi 30 patsiku. Nyumbayo inali yaing'ono, ya zipinda zogona ziwiri, pabalaza, khitchini ndi bafa, koma munthu ankapezamo kale chitofu, firiji ndi makina ochapira zovala, ndipo za mu 1950 zinali ndi wailesi ya kanema yomangiridwa kukhoma. Mu 1949 mtengo wake unali madola 7,990, pamene banja lapakatikati linkapeza madola pafupifupi 3,100 pachaka, kutanthauza kuti nyumba yonse inkakwana ndi malipiro a zaka ziwiri ndi theka. Malamulo ake ena angakuseketseni: kapinga ankayenera kutchetchedwa sabata iliyonse, kuyanika zovala panja kumapeto a sabata kunali koletsedwa, ndipo kumanga mpanda sikunkaloledwa, chinthu chimene ife amene timayamba ndi mpanda wa njerwa wa mabotolo osweka pamwamba nyumba isanathe sitingachimvetse msanga.

Ngongole ya zaka 25 imafuna ntchito yodalirika, ndipo apa ndi pamene mabungwe a anthu apantchito analowerera. Chapakati pa zaka za m'ma 1950, munthu mmodzi mwa atatu alionse ogwira ntchito yosakhala yaulimi anali membala wa bungwe lotere. Mu 1950 bungwe la antchito opanga galimoto la United Auto Workers, motsogozedwa ndi Walter Reuther, linasainirana pangano la zaka zisanu ndi kampani ya General Motors, limene linapatsa antchito penshoni, thandizo la kuchipatala ndi malipiro okwera mitengo ya zinthu ikakwera. Munthu wopanda digiri, womanga mabawuti m'fakitale, ankakwanitsa kudyetsa banja, kulipira nyumba ndi kugula galimoto yomwe ankapanga nawoyo.

Tsono funso lanu lenileni, aphunzitsi, ndi lakuti n'chifukwa chiyani bambo anu sanaone zoterezi. Kulimba mtima ndi khama si pamene panasiyana. Asilikali a ku America anali anthu ovota, ndipo andale ankakumbukira bwino zimene zinachitika mu 1932, pamene asilikali akale a nkhondo yoyamba anamanga misasa ku Washington pofuna ndalama zimene analonjezedwa, boma n'kuwathamangitsa ndi asilikali anzawo. Palibe amene ankafuna kuti manyazi amenewo abwerezedwe ndi anthu 16 miliyoni amene anavala yunifolomu pa nkhondo yachiwiriyi. Nyasaland inali pansi pa ulamuliro wa Britain, chuma chake chinkadalira fodya, tiyi ndi amuna opita ku Joni ndi ku Halale, ndipo lamulo lofanana ndi GI Bill kunalibe. Anthu akuda oyamba analowa m'nyumba ya malamulo ya kuno ku Zomba mu 1949, ndipo anachita kusankhidwa ndi bwanamkubwa, sanavoteredwe. Chaka chomwecho, pamene mabanja a ku Long Island ankafola kuti asaine mapepala a nyumba, m'chigawo cha kumwera kuno munali njala yaikulu imene akuluakulu amaisimbabe.

FUNSO: Ndine mtsikana wophunzira pa yunivesite ndipo ndimakhala ku Chikanda. Pa zithunzi zonse za nthawi imeneyo zimene ndaona, mabanja oimirira pa kapinga kutsogolo kwa nyumba zatsopano ndi a azungu okhaokha. Kodi anthu akuda a ku America anali kuti, popeza nawonso anamenya nkhondo?

YANKHO: Chemwali, mwaona bwino, ndipo zithunzizo sizikubisa kanthu. Anthu akuda oposa 1 miliyoni anatumikira pa nkhondoyo, ndipo m'mawu ake lamulo la GI Bill silinkasankha mtundu. Vuto linali pa amene ankaligwiritsa ntchito, chifukwa ngongole inkaperekedwa ndi banki ya m'dera, malo a sukulu ankaperekedwa ndi koleji ya m'dera, ndipo kumwera kwa dzikolo, kumene malamulo olekanitsa mitundu anali amphamvu, maofesi amenewa anali m'manja mwa azungu. Kafukufuku wa mu 1947 m'mizinda 13 ya m'boma la Mississippi anapeza kuti pa ngongole zoposa 3,200 zimene boma linaziikira kumbuyo m'dzina la asilikali akale, ziwiri zokha ndi zimene zinapita kwa anthu akuda.

Kumpoto nakonso khomo linali lotseka, kungoti linkatsekedwa ndi mapepala. M'zaka za m'ma 1930 bungwe la boma la Home Owners' Loan Corporation linajambula mapu a mizinda yambiri, n'kupaka utoto wofiira madera amene linkati ndi oopsa kubwereketsako ndalama, ndipo kawirikawiri amenewa anali madera okhala anthu akuda. Federal Housing Administration nayo inkakana kukhala nkhoswe ya ngongole m'madera otere, pamene inkalimbikitsa omanga nyumba zatsopano kuti asasakanize mitundu. Ku Levittown komwe ndafotokoza kuja, pangano la nyumba linali ndi chiganizo choletsa kuti munthu wosakhala mzungu akhalemo, kupatula wantchito wa m'nyumba. Mu 1948, pa mlandu wa Shelley v. Kraemer, Khoti Lalikulu linagamula kuti makhoti sangakakamize anthu kutsatira mapangano otere, koma kampani ya Levitt itachotsa chiganizocho inapitirizabe kukana kugulitsa nyumba kwa anthu akuda. Mu August 1957, banja la anthu akuda la William ndi Daisy Myers litagula nyumba ku Levittown ina ya ku Pennsylvania, makamu a anthu ankasonkhana panja usiku ndi usiku, kugenda mawindo ndi kuwanyoza, mpaka apolisi a boma la Pennsylvania anachita kubwera. Banjalo silinasamuke nthawi imeneyo. Lamulo loletsa tsankho pogulitsa ndi kubwereketsa nyumba linadzasainidwa pa 11 April 1968, patangotha sabata imodzi Martin Luther King Jr., womenyera ufulu wa anthu akuda, ataphedwa.

Wina akhoza kunena kuti zimenezi zinatha kalekale, koma nyumba si chinthu chimene chimatha ndi m'badwo umodzi. Banja limene linagula nyumba mu 1950 linamaliza ngongole ana atakula, mtengo wa nyumbayo unakwera kangapo, ndipo linaigwiritsa ntchito ngati chikole polipirira ana sukulu, pamapeto pake n'kuwasiyira ngati chuma chamasiye. Banja limene linakanizidwa linalipira lendi zaka zonsezo, ndipo m'mizinda ina misewu ikuluikulu yopita ku madera atsopano aja inadutsitsidwa pakati penipeni pa madera a anthu akuda, monga Overtown ku Miami ndi Rondo ku St. Paul, nyumba, matchalitchi ndi masitolo n'kugwetsedwa. Mu 1959, chaka chimene ambiri amachiona ngati cha pachimake pa ulemerero, anthu 22 pa 100 alionse a ku America anali osauka malinga ndi muyeso wa boma, ndipo pakati pa anthu akuda anali oposa theka. Ife a ku Zomba sitingadabwe nazo kwenikweni, chifukwa tawuni yathuyi inamangidwanso motero pamene inali likulu la atsamunda, nyumba za akuluakulu a boma achizungu zili m'mphepete mwa phiri kozizira bwino, eni dziko ali kumunsi.

FUNSO: Ndimagulitsa zitenje mumsika waukulu wa Zomba ndipo ndili m'gulu la banki m'khonde. Ana anga amandivutitsa kuti tigule zinthu zimene amaona pafoni, ndipo amati ku America aliyense amagula pangongole. Kodi khalidwe limeneli linayamba nthawi imeneyi, nanga linawathandiza?

YANKHO: Mayi, kugula katundu n'kumalipira pang'onopang'ono kunalipo kale m'zaka za m'ma 1920, koma nkhondo itatha ndi pamene kunafika pafupifupi pakhomo lililonse, ndipo chimene chinakukuza ndi nyumba zija. Nyumba yatsopano imafuna mipando, makatani ndi mabedi, ndipo ana ankabadwa ochuluka kuposa kale lonse: kuyambira 1946 mpaka 1964 kunabadwa ana pafupifupi 76 miliyoni, ndipo mu 1957 mokha anali 4.3 miliyoni. Komanso madera atsopanowo anali kutali ndi ntchito, kutali ndi msika, ndipo ambiri analibe basi yodalirika, moti galimoto inasanduka chinthu chofunika ngati denga. Mu 1956 Pulezidenti Dwight Eisenhower anasaina lamulo lomanga misewu ikuluikulu ya makilomita pafupifupi 66,000, boma la dziko lonse likulipira 90 peresenti ya mtengo wake, ndipo chaka chomwecho ku Edina m'boma la Minnesota kunatsegulidwa Southdale Center, chinyumba chokhala ndi masitolo ambiri pansi pa denga limodzi, chozunguliridwa ndi bwalo lalikulu loimikapo galimoto. Msika umene inu mumaudziwa, wofikako wapansi n'kunenerera mtengo ndi wogulitsa amene amadziwa dzina la mwana wanu, unayamba kuzilala.

Zimene foni ikuchita kwa ana anu lero, kumeneko zinkachitidwa ndi wailesi ya kanema. Mu 1950 inali m'nyumba 9 pa 100 zilizonse, koma pofika 1960 inali m'nyumba pafupifupi 87 pa 100, ndipo mapulogalamu ake ankalipiridwa ndi makampani otsatsa sopo, fodya ndi galimoto. Makampani a galimoto ankasintha maonekedwe a galimoto chaka ndi chaka mwadala, kuti ya zaka zitatu, ngakhale ikuyenda bwinobwino, ioneke yachikale ikaima pafupi ndi ya mnansi. Makhadi ogulira zinthu pangongole anabweranso nthawi yomweyi. Diners Club inayamba mu 1950, ndipo mu 1958 Bank of America inatumiza makhadi pafupifupi 60,000 kudzera pa positi kwa anthu a mumzinda wa Fresno ku California amene sanawapemphe n'komwe. Poyamba ambiri sanabweze ndipo bankiyo inataya ndalama zankhaninkhani, koma inakonza kayendetsedwe kake, ndipo khadi limenelo ndi limene pambuyo pake linadzatchedwa Visa. Katundu wa m'nyumba anafika pokhala nkhani ya ndale za mayiko, moti mu July 1959 Richard Nixon, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti, anatsutsana ndi Nikita Khrushchev, mtsogoleri wa Soviet Union, ku Moscow ataimirira m'khitchini yachionetsero, pa nkhani ya makina ochapira ndi nyumba za anthu wamba.

Popeza ndinu mayi wochita malonda, pali mfundo ina imene ana anu mwina sanakuuzeni. Amayi ambiri amene anagwira ntchito m'mafakitale pa nthawi ya nkhondo anachotsedwa asilikali atabwerera, ndipo mu 1956 theka la atsikana okwatiwa koyamba linali la zaka 20 kapena kucheperapo. Mayi wotere ankatsala yekha ndi ana m'nyumba yodzaza ndi zipangizo, mwamuna atapita ndi galimoto, amayi ake ndi azakhali ali kutali mumzinda, ndipo ngongole zonse zinali m'dzina la mwamunayo. Mpaka mu 1974, pamene lamulo linaletsa mchitidwewu, banki inkatha kukana kubwereketsa ndalama kwa mayi popanda siginecha ya mwamuna. Pa mfundo iyi yokha, inu amene mumabwereka m'dzina lanu kubanki m'khonde muli ndi ufulu umene mayi wa ku Levittown analibe.

Pa funso loti ngongole inawathandiza kapena ayi, ndikuona kuti inawathandiza kwa nthawi yonse imene malipiro ankakwera mofulumira kuposa mitengo, chiwongola dzanja cha nyumba chili chotsika ndiponso chosasintha, petulo akugulidwa pafupifupi masenti 30 pa galoni (malita pafupifupi anayi). Ngongole yotere ndi yosiyana kwambiri ndi katapila, kapena ngongole ya foni yobweza pakutha pa mwezi, imene mungatenge kuti mugule chinthu chosabweretsa ndalama. Ngakhale kwa eni akewo zinthu zinadzasintha. Mu October 1973 mayiko a Aarabu otulutsa mafuta analeka kugulitsa mafuta ku America, ndipo m'miyezi yochepa mtengo wa mafuta padziko lonse unakwera pafupifupi kanayi. Galimoto zinafola pa malo omwetsera mafuta monga mmene taonera kuno kangapo konse, m'maboma ena tsiku logula petulo linkatengera nambala yomalizira pa chikwangwani cha galimoto, ndipo bambo amene anagula nyumba makilomita 40 kuchokera kuntchito ankadzuka mbandakucha kukaima pamzere chifukwa kudera lake kunalibe basi.